Musanafomate kompyuta, onani kaye tsiku lomwe ikuwerenga

Sabata yathayi anthu atatu abwera ndi makompyuta pa shopu yanga kuno ku Ulónguè, onse mawu awo amodzimodzi: "Amisiri, yagwidwa ndi vayirasi, mungoifomata." Ndikatsegula Chrome ndikupeza tsamba lija la kachizindikiro kofiira ka makona atatu, "A sua ligação não é privada". Pansi pake pali timawu totuwa tomwe palibe amene amatiwerenga: NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Ndikaponya diso pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini, kompyuta ikuti lero ndi 1 Januwale 2010. Awiri mwa atatuwo matenda anali omwewa, vayirasi munalibe. Nkhani imeneyi ndainena mpaka kukamwa kuuma, koma anthu akulipirabe ndalama yofomatira ndi kutaya mafayilo awo chifukwa cha wotchi.

Uthenga umenewu ukunena za satifiketi ya webusayiti, yomwe ili ngati BI yanu, chiphaso chanu cha unzika. Palembedwa dzina la mwini wake, tsiku lomwe inayamba kugwira ntchito, tsiku lothera, ndiponso chidindo cha amene anaipereka. Kompyuta yanu ndiye mlonda wa pachipata, amene amayang'ana chiphasocho n'kuyerekezera ndi kalendala yake. Tsono ngati kalendala ya mlondayo inaima mu 2010, chiphaso chilichonse chomwe mungamuonetse azichiona ngati chabodza, poti kwa iye tsiku lake loyambira silinafike. Ndipo sikuti wotchi ichite kulakwa ndi zaka. Masatifiketi a bungwe la Let's Encrypt, omwe mawebusayiti ochuluka zedi amagwiritsa ntchito, akhala akuperekedwa a masiku 90 okha. Kompyuta ikangotsalira miyezi inayi, chipata chatsekeka.

Chomwe chimasunga tsiku kompyuta ikazimitsidwa ndi kabatire kophwatalala konga khobidi, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Kamakhala zaka zingapo kenako n'kutha. Makompyuta ambiri omwe tili nawo kuno ndi akaunjika, anagwira kale ntchito m'maofesi a ku Johannesburg kapena kwina, ndipo amatipeza kabatireko kali kumapeto. Mukazula chingwe usiku poopa mphezi, kapena magetsi akangophethira, wotchi imabwerera ku chaka chomwe inapatsidwa ku fakitale. Laputopu yomwe batire lake lalikulu linafa kalekale, imene imangoyaka ili pa chaja, imachitanso chimodzimodzi. Konzani tsiku ndi nthawi pamanja, dera la nthawi musankhe Harare, Pretoria, lomwe ndi UTC+2, lofanana ndi lathu komanso la ku Malawi, kenako muuze Windows kuti izitenga yokha nthawi pa intaneti. Yambani ndi pamanja, chifukwa wotchi ikalakwa ndi zaka zambiri nthawi zina imakana kudzikonza yokha. Mawa lake tsiku likabwereranso m'mbuyo, musavutike n'kufunsa kwina: kabatire katha. Mtengo wake sufika wa nkhuku imodzi.

Pali nkhani ina yomwe mpaka lero imandidya mumtima. Mayi wina wachikulire wa ku Tsangano, mlembi wa kalabu ya alimi a mbatatesi, anandipeza Loweruka madzulo ndikutsitsa chitseko. Laputopu anaikulunga m'chitenje. Inali ya mwana wawo wamwamuna amene anatisiya, ndipo iwo anaphunzira kuigwiritsa ntchito pang'onopang'ono polemba ngongole za feteleza ndi mbewu za mamembala. Imelo inali itakana kutseguka, pomwe amafuna kutumiza lipoti. Ndinaona tsiku, ndinalikonza, imelo n'kutseguka pomwepo. Kabatire ka laputopu imeneyo kanali ka mtundu uja wokutidwa ndi pulasitiki, wokhala ndi timawaya tiwiri, ndipo ndinalibe. Ndinati, "Amayi, mubwerenso Lachitatu ndidzakuikireni." Anathokoza n'kuthamangira galimoto yomaliza.

Chomwe sindinachite ndi kuwakhazika pansi mphindi zisanu n'kuwaonetsa podina, kuti uthengawo ukabweranso akonze okha tsiku. Ndinali ndi changu. Mawa lake uthenga unabwereradi. Lachitatu linawakhalira kutali, mvula inali itaononga msewu, ndiye anapita kwa mnyamata wina wa pamsika amene amaika nyimbo m'mafulashi. Iye anangoti vayirasi, n'kufomata disiki yonse osakopera kanthu. Anaikamo Windows ina, Office yakuba, magemu, n'kuwonjezerapo mafilimu odzaza theka la disiki ngati basera. Kutacha, wotchi inabwerera m'mbuyo monga kale, uthenga wofiira uja uli pomwepo.

Anandipeza patatha masabata atatu. Nditatsegula anasuzumira pa sikirini nthawi yaitali, kenako anati, "Mwananga, nanga zithunzi za malemu zili pati?" Ndinachotsa disiki, ndinaiika pa kompyuta yanga usiku wonse ndi pulogalamu yobwezeretsa mafayilo. Zomwe zinatuluka ndi zithunzi zochepa, zina zoduka pakati, kumunsi kotuwa kokhakokha. Fayilo ya ngongole inapezeka dzina lokha, m'kati muli zinyalala. Kalabu inachita kukhala pansi kufunsa munthu mmodzimmodzi kuti anatenga matumba angati, ndipo mukudziwa mmene nkhani ya ngongole imathera ikakhala yopanda cholembedwa.

Apa mvetsetsani. Pa disiki yakale ija yozungulira, kufomata mwachangu sikufufuta mafayilo nthawi yomweyo. Kumangong'amba kaundula wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili. Chomwe chimapha ndi zatsopano zomwe zikulembedwa pamwamba pake. Mayi aja akanazimitsa tsiku lomwelo n'kubwera nayo, mwina zambiri tikanazipulumutsa. Filimu iliyonse ya basera ija inagona pa zithunzi za mwana wawo. Ngati zakuchitikirani, zimitsani, musaiyatsenso ngakhale kungofuna kuona. Pa SSD, disiki ya mtundu watsopano yosazungulira, mwayi ndi wochepa kwambiri, choncho kukopera musanafomate si nkhani yokambirana.

Tsiku likakhala lolondola koma uthenga ulipobe, werengani timawu totuwa tija. Mukaona NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID, kapena SEC_ERROR_UNKNOWN_ISSUER pa Firefox, ndiye kuti mlonda sakuchidziwa chidindo. Kompyuta iliyonse imasunga mndandanda wa zidindo zomwe imazikhulupirira, ndipo mndandandawo umakalamba. Pa 30 Sepitembala 2021 satifiketi ya muzu yotchedwa DST Root CA X3, chimodzi mwa zidindo zimenezi, inatha ntchito. Makompyuta omwe anali asanalandire yolowa m'malo mwake, ISRG Root X1, anayamba kukana mawebusayiti ambirimbiri tsiku limodzi. Kuno zinagwera makamaka aja a Windows 7 yodulidwadulidwa, yomwe anaitsekera ma update onse kuti isadye mamega. Ndikumvetsa, data ndi yodula, inenso ndimagula. Koma kompyuta yomwe simunaipatse update kwa zaka ili ngati mlonda amene akugwirabe buku la zidindo za nthawi ya atsamunda.

Mavuto oika mapulogalamu ambiri amachokera komweko. Pulogalamu nayo imakhala ndi siginecha ya amene anaipanga. Kuyambira 2019 Microsoft inasamukira ku masiginecha a mtundu watsopano wa SHA-2, ndipo Windows 7 yopanda update ya KB4474419 siyitha kuwawerenga. N'chifukwa chake dalaivala wa pulinta kapena antivayirasi yatsopano imakana kulowa, inu n'kumati fulashi ndi yoonongeka. Nambala 0x800B0101 ikatuluka poika pulogalamu, ikukuuzani za tsiku, yang'ananinso wotchi. 0x800B0109 ikukuuzani za chidindo chosadziwika. Nthawi zina ndi netiweki chabe inaduka mukukopa, fayilo n'kubwera yoperewera: dinani kumanja pa fayiloyo, mutsegule Propriedades, muone ngati siginecha ilipo ndipo ili bwino, apo ayi kopaninso kuchokera pa webusayiti ya eni ake. Za 32-bit ndi 64-bit sinditaya nazo nthawi, onani kuti yanu ndi iti musanakope.

Koma pali malire. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Chrome yomaliza kulowa m'makina amenewa ndi 109. Firefox inaima pa 115 ESR, ndipo popeza imayenda ndi mndandanda wakewake wa zidindo, imakupulumutsani kwa kanthawi, koma ndi ndodo yoyendera chabe, mwendo ukadali wothyoka. Windows 10 nayo thandizo lake la nthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025. Amene mumalowa mu akaunti ya ku banki pa Windows 7, ndikukupemphani, lekani lero. Makina akale omwe sangalandire Windows 11 ndimawaikira Linux Mint m'malo mwa Windows ndipo amayenda bwinobwino pa imelo, kulemba makalata ndi intaneti.

Tsopano za asing'anga a makompyuta, poti ndi amene amandipsetsa mtima. Sindikunyoza mnyamata wofuna kudya, tonse tinayambira penapake. Koma pali mankhwala atatu omwe akupatsa anthu, ndipo onse ndi poizoni. Oyamba ndi kukuphunzitsani kudina "Avançadas" kenako "Prosseguir" nthawi iliyonse uthenga ukabwera. Mukatero mwauza mlonda kuti alowetse aliyense. Tsiku lomwe chenjezolo lidzakhale loona, pa Wi-Fi ya eni ake pomwe wina wakhala pakati pa inu ndi banki, chala chanu chidzadina chokha chifukwa chinazolowera. Pa tsamba lililonse lomwe mumalembapo pasiwedi, musapitirire. Achiwiri ndi aja oti "tizimitse kaye antivayirasi kuti ilowe". Pulogalamu yoona yochokera kwa eni ake kawirikawiri sifuna zimenezo. Yomwe imafuna ndi crack, ka activator ka Windows kapena Office koyenda m'mafulashi kuchokera kompyuta iyi kupita iyo, ndipo simudziwa kuti m'kati mwake anabisamo chiyani. Antivayirasi inakuwa chifukwa inaona chinthu, inu n'kuitseka pakamwa.

Achitatu ndi oopsa kuposa onse chifukwa amaoneka ngati achiritsa. Munthu amakopa fayilo ya satifiketi kumalo osadziwika n'kuilowetsa m'gulu la zidindo zodalirika. Uthenga wofiira umatha, inu n'kulipira mukumwetulira. Koma amene ali ndi kiyi ya satifiketi imeneyo angathe kudzipangira chiphaso cha webusayiti iliyonse, ya Gmail, ya Facebook, ya banki, kompyuta yanu n'kuchilandira mosakayika, osachenjezanso. Inde, nanenso ndimaika ISRG Root X1 pamanja m'makina akale, koma ndimaitenga kwa Let's Encrypt eni ake ndipo ndimamuonetsa kasitomala dzina lake. Wokonza akamaika satifiketi mumufunse kuti ndi ya ndani, waitenga kuti. Akayamba kuzungulira, tsekani laputopu yanu muzipita.

Musanatuluke n'komwe m'nyumba, yesani ichi. Tsegulani webusayiti yomweyo pa foni yanu ndi data ya foniyo. Ikakana konsekonse pomwe mawebusayiti ena akutseguka, vuto ndi la eni webusayitiyo, mwina aiwala kukonzanso satifiketi yawo; dikirani, palibe choti mukonze. Ikatseguka pa foni koma n'kukana pa kompyuta, ndipo kompyutayo ikukana masamba ambiri, vuto lili m'nyumba mwanu: wotchi, Windows yokalamba, kapena kanthu kena komwe kalowa pakati. Onaninso ngati mamega sanathe, chifukwa netiweki ikamakukankhirani ku tsamba lake logulira data uthenga wofanana nawo umatha kutuluka. Jambulani sikirini ndi foni, timawu totuwa tija tioneke, kuti wokonza asachite kulota.

Ndipo ngati mukuwerenga izi mukukumbukira kuti miyezi yapitayi wina anakuzimitsirani antivayirasi, kapena anakuikirani satifiketi yomwe simukuidziwa, musadikire kuti muone ndalama itasowa. Anthu amandiuza kuti "ikuyenda bwino, tidzabwera tikakolola". Pofika nthawi yokolola pasiwedi yanu yayenda kale maulendo angapo. Sinthani mapasiwedi a imelo ndi a banki lero lomwe, ndipo muwasinthire pa foni, osati pa kompyuta yokayikitsayo. Yambani ndi ya imelo, chifukwa ndiyo imatsegula zina zonse. Kenako koperani zithunzi ndi mafayilo a ntchito pa fulashi ina, mubwere ndi makinawo pamodzi ndi chaja chake tidzaone zomwe zili mu certmgr.msc, momwe Windows imaonetsera mndandanda wa zidindo zomwe imazikhulupirira. Kabatire ka timawaya tiwiri kaja tsopano sindikasowanso m'dilowa, ndipo amene ndamukonzera tsiku sachoka pa kauntala asanalikonze yekha ine ndikuona.