Khonsolo inkazonda banja chifukwa cha malo a mwana pasukulu: mbiri ya lamulo la RIPA ku Britain

Mu July 2025 lamulo la RIPA ku Britain linakwanitsa zaka 25, ndipo mpaka pano anthu akumeneko sagwirizana ngati makhonsolo amayenera kukhala ndi mphamvu zozonda anthu mwachinsinsi. Dzina lake lonse ndi Regulation of Investigatory Powers Act 2000. Manyuzipepala ambiri amakonda kulitchula kuti lamulo lothana ndi zigawenga, koma pamenepa ine ndimakayika, chifukwa linadutsa kusanachitike za zigawenga za pa 11 September 2001 ku America. Chomwe chinalikankha kwambiri ndi lamulo la maufulu la Human Rights Act lomwe limayamba kugwira ntchito mu October 2000, komanso boma linali litagonja kale kukhoti la maufulu a anthu la ku Ulaya lomwe lili ku Strasbourg pa milandu yomvetsera mafoni a anthu popanda lamulo lomveka, ngati wa Malone mu 1984 ndi wa Halford mu 1997. Nde RIPA inabwera kuti kuzondako kukhale ndi ndondomeko, papezeke wosayina komanso woyankha mafunso zikavuta.

Makhonsolo sanapatsidwe zonse ayi, sangamvetsere zomwe mukuyankhula pafoni, sangatchere kamera mnyumba mwanu. Zomwe analoledwa ndi kukulondolani mobisa, kukujambulani muli panja, ndi kutuma munthu onamizira kuti ndi kasitomala. Vuto linali pa wopereka chilolezo: bwana wa mukhonsolo momwemo, kusayinira mnzake wa ofesi yoyandikana. Ofesi ya Surveillance Commissioners, yomwe imayang'anira za kuzondaku, imabwera kudzayendera mafayilo, koma patapita nthawi, kuzondako kutatha kale.

Pomwe zinatembenukira ndi ku Poole, tawuni ya mmbali mwa nyanja ku Dorset, mu 2008. Mayi wina wa ana atatu anafunsira mwana wake wamng'ono malo pasukulu ya Lilliput, sukulu yomwe makolo amailimbirana, ndipo kumeneko malo amatengera komwe ukukhala. Banjali linali ndi nyumba ziwiri, nde khonsolo italandira mafoni oti adilesi yomwe analembayo ndi yabodza, mmalo mowaitana ndikuwafunsa, mkulu wa zamalamulo anasayina chilolezo cha RIPA. Kuyambira pa 10 February mpaka pa 3 March, wantchito wa khonsolo anawazonda maulendo 21. Amaima panja kuona ngati magetsi akuyaka ndi makatani atsekulidwa, kulemba nthawi yomwe mayiyo walowa mgalimoto ndi ana ake, kuilondola galimotoyo mpaka kusukulu, ndipo mkaundula wakeyo galimoto ya banjali imalembedwa ngati ya anthu omwe akusakidwa. Ana atatu, wamng'ono wa zaka zitatu zokha, onse mkaundula wa boma osadziwa kanthu.

Mapeto ake sanapeze chinyengo chilichonse. Banjali linadziwa za kuzondedwaku chifukwa a khonsolo eni ake anawauza pamkumano wokambirana za malo a mwanayo, ndipo apa mpomwe pamandikhudza, chifukwa akanakhala chete palibe akanadziwa. RIPA sikakamiza khonsolo kukuuza kuti inakuzonda, nde ungadandaule bwanji chinthu chomwe sukuchidziwa? Nkhaniyi itatuluka mu April 2008 manyuzipepala anayamba kufukula, zinadziwika kuti khonsolo yomweyo imazondanso asodzi otola nkhono mu Poole Harbour, kwina amazonda osiya chimbudzi cha agalu mmapaki, kwina otaya zinyalala. Mu June chaka chomwecho Sir Simon Milton, yemwe amatsogolera bungwe la makhonsolo la Local Government Association, analembera makhonsolo onse kuti asamagwiritse ntchito mphamvuzi pa tinkhani ting'onoting'ono.

Bungwe lomenyera maufulu a anthu la Liberty linatengera nkhani ya banja lija ku Investigatory Powers Tribunal, khoti lapadera lomwe nthawi zambiri limazenga milandu chitseko chotseka, koma uwu unamvedwa poyera mu November 2009. A khonsolo anaima poti kunama adilesi ndi chinyengo, ndipo mwana olowa mwabodza amalanda malo a mwana wina, mfundo yomwe sindingaitaye chifukwa makolo ena amanamadi. Koma chigamulo chomwe chinatuluka pakati pa 2010 chinati kuzondako kunalibe cholinga chovomerezeka ndi lamulo, sikunali kofunikira, kunapyola muyezo, komanso osayinayo sanaganizireko za anawo omwe samaganiziridwa mlandu uliwonse. Ufulu wa banjali wokhala ndi moyo wachinsinsi, womwe uli mu Article 8 ya pangano la maufulu a anthu la ku Ulaya, unaphwanyidwa.

Zotsatira zake zinayenda mwandale, boma la mgwirizano la nduna yayikulu David Cameron ndi wachiwiri wake Nick Clegg linali litalonjeza kale mu 2010 kuti lichepetsa mphamvu za makhonsolozi, Theresa May ali nduna ya zamdziko, mpaka panabwera lamulo la Protection of Freedoms Act 2012. Kuyambira pa 1 November 2012 khonsolo ya ku England ndi Wales ikafuna kuzonda munthu iyenera kukapeza chivomerezo kwa majisitireti, ndipo mlanduwo ukhale oti munthu atha kumangidwa nawo miyezi 6 kapena kuposa, kupatula za kugulitsa mowa ndi fodya kwa ana. Ku Scotland ali ndi lamulo lawolawo.

Manambala ake ofunika kuwagwira mosamala. Mu December 2016 nyuzipepala ya Guardian inalemba zomwe chipani cha Liberal Democrats chinapeza pofunsa makhonsolo, kuti makhonsolo 186 mwa 283 omwe anayankha anagwiritsa ntchito RIPA, masiku opitirira 55,000 mzaka zisanu, mpaka kuzonda odyetsa nkhunda. Koma awa ndi masiku omwe chilolezo chimalola, sikuti tsiku lililonse munthu amakhala ali mgalimoto kuzonda, komanso ofunsawo ndi andale omwe anali ndi mbali yawo. Kwinaku makhonsolo omwe sanayankhe mulibemo mchiwerengerochi. A makhonsolo nawo amati ntchito zambiri zimakhala zogwira akatapila, ogulitsa katundu wachinyengo ndi obera nkhalamba pakhomo, zomwe nzoona ndithu, ndipo malipoti a oyendera amaonetsa kuti zilolezo zinatsika kwambiri 2012 itadutsa, makhonsolo ambiri amatha zaka osapempha nkomwe.

Kutsikako sikutanthauza kuti kuzonda kunatha. RIPA ili ngati chishango choteteza khonsolo ikasumiridwa, siletsa kuzonda kunja kwake, nde nkhani yosafika pa miyezi 6 ija khonsolo itha kuizondabe popanda majisitireti, bola ivomere kuti ikhoza kusumiridwa. Oyendera akhala akuchenjezanso za antchito omwe amasuzumira Facebook ya munthu mobwerezabwereza osapempha chilolezo, poganiza kuti poti zili poyera sikuzonda. Kuyambira September 2017 ntchito yoyendera ili mmanja mwa IPCO (Investigatory Powers Commissioner's Office), ofesi yomwe inalowa mmalo mwa ya Surveillance Commissioners ija, yomwe inayamba ndi Sir Adrian Fulford kenako Sir Brian Leveson mu 2019, ndipo makhonsolo amawunikidwa kamodzi pa zaka zitatu, masiku ano nthawi zambiri poyamba ndi lipoti lomwe khonsolo yalemba yokha.