Mafunso ndi mayankho pa vuto la Windows Installer lomwe likukanitsa anthu kuinstola mapulogalamu

Masabata apitawa pakhomo la ofesi yathu ya IT pakhala mzere wa anthu atanyamula malaputopu, ndipo ambiri dandaulo ndi limodzi, akufuna kuinstola pulogalamu koma Windows ikukana, ikutulutsa kauthenga konena za Windows Installer service. Ena afika pokwiya kuti ndife tinatseka dala. Ndiye tati tiyankhe pano mafunso amene akutifika kwambiri, kuti amene angathe kukonza yekha asamataye tsiku lonse pamzere.

Windows Installer yo ndi chani?

Ndi service, kutanthauza kachigawo ka Windows kogwira ntchito chamseri, kamene kamaika, kukonza ndi kuchotsa mapulogalamu obwera mu fayilo yothera ndi .msi, komanso ma setup.exe ambiri amaitana komweko mkati mwake. Fayilo yake ndi msiexec.exe.

Ndiye kuti kompyuta yanga yalowa vayirasi?

Nthawi zambiri ayi. Sikanani ndithu kuti mtima ukhale m'malo, koma musathamangire kufomata.

Nambala yomwe ikutuluka pa uthengawo ili ndi ntchito?

Kwambiri, ndipo chimene chimatichedwetsa ndi choti munthu amangobwera nkuti "ikukana" basi, uthengawo anatseka osawerenga. Jambulani ndi foni musanatseke. Ikakhala 1719 kapena 1601 ndiye kuti Windows ikulephera kuifikira service yeniyeniyo, mwina yazimitsidwa kapena kalembera wake mu registry (nkhokwe yomwe Windows imasungamo masetingi ake) wasokonekera. 1618 ndi yosavuta, imatanthauza kuti pali pulogalamu ina imene ikuinstolidwa kale, chifukwa Windows Installer siigwira ziwiri nthawi imodzi, ndiye mumangodikira kapena kulisitata. 1612 ikufuna fayilo yoyambirira imene pulogalamuyo inainstolidwira ndipo sikuipeza. 2502 ndi 2503 kawirikawiri zimakhala za chilolezo pa foda ya C:\Windows\Temp. Yovuta ndi 1603, chifukwa imangonena kuti kuinstola kwalephereka koma chifukwa chake siinena, ikhoza kukhala disiki yodzaza, chilolezo, antivayirasi kapena vesheni yakale imene siinachoke bwino, ndiye tikakuuzani kuti siyani kaye laputopu tiione si kuti tikukuzembani.

Ndiyesere chani ndekha ndisanabwere?

Choyamba lisitatani, ndipo tikutanthauza Restart osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 Shut down nthawi zambiri siitsuka zonse kamba ka Fast Startup, njira yomwe Windows imasungira zina kuti idzayake msanga. Zikakanikabe dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani services.msc, tsikani mpaka pa Windows Installer. Ikakhala pa Manual musadandaule, ndi mmene imayenera kukhalira, imadzuka yokha ikafunika kenako nkugonanso, ndiye kuiona itaima si vuto. Vuto ndi ikakhala Disabled. Musaisokoneze ndi Windows Modules Installer yomwe ili chapafupi pomwepo, imeneyo ndi ya ma update, isiyeni. Onaninso kuti simuli mu Safe Mode, mmenemo Windows Installer siigwira ntchito pokhapokha munthu atasintha zinthu dala.

Amene kompyuta ndi yawo ndipo ali ndi akaunti ya adimini, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani msiexec /unregister nkudina Enter, kenako msiexec /regserver, Enter kachiwiri. Sipatuluka uthenga uliwonse ndipo ndi mmene zimakhalira, musabwereze kakhumi. Lisitatani muyesenso. Ikapitirira lembani sfc /scannow muisiye ifike 100%, ndipo ikanena kuti yapeza mafayilo owonongeka koma yalephera kukonza, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth muli pa intaneti, ikatha mubwerezenso sfc uja. DISM imatha kuoneka ngati yaima pakati kwa nthawi ndithu, musaitseke.

Kodi si ma update amene mumatumiza inu omwe akuyambitsa zimenezi?

Pena inde, tivomere. Tikamatumiza mapulogalamu ku makompyuta a pantchito amainstolidwa chamseri osaonekera pa sikirini, ndiye inu mukayamba kuinstola zanu nthawi yomweyo mupeza 1618. Sitinachenjeze bwino ndipo pamenepo tinalakwitsa, tiziyamba tatumiza uthenga. Koma zimenezi zikukhudza 1618 yokha, si kuti vuto lililonse la installer lachokera kwa ife.

Bwanji osangotipatsa pasiwedi ya adimini tizikonza tokha?

Funso ili ndi lomwe labweretsa mkangano waukulu ndipo tikumvetsa chifukwa chake, nkowawa kukhala ndi ntchito yofunika lero lomwe koma kadirayiva ka printa kakukana mpaka munthu wa IT apezeke. Koma pa makompyuta a pantchito lamulo ndi loti adimini imakhala ndi ofesi ino, ndipo si ife tokha tinaliika, ngakhale kuti tikugwirizana nalo. Munthu akakhala adimini, chilichonse chimene watsegula chikhoza kupatsidwa mphamvu yosintha Windows yonse, ndiye fayilo imodzi yoipa yobwera pa imelo ikhoza kulowa mpaka pa netiweki ya tonse. Chinanso, mwa malaputopu amene atifika ali ndi 1719, angapo ndi omwe eni ake anali ndi adimini nkuyendetsa timapulogalamu toti timatsuka registry kapena kufulumizitsa kompyuta, nkuzimitsa ma service osadziwa ntchito yake.

Sitikunena kuti palibe amene angapatsidwe. Pali anthu amene ntchito yawo imafunadi kuinstola zinthu pafupipafupi, kapena amagwirira kutali komwe sitingawafikire msanga. Oterowo akhoza kupempha kudzera kwa bwana wawo, alembe mapulogalamu amene akufuna ndi chifukwa chake, ndipo tiona pempho lililonse palokha. Mwina tipereka adimini ya kanthawi kochepa, mwina tilowa tokha kudzera pa intaneti nkukuinstolerani muli komweko, mwinanso tikana. Sitingalonjeze kuti mwapempha ndiye mwapatsidwa, ndipo zoti mnzanu wa desiki yoyandikana anapatsidwa sizitanthauza kuti nanunso mukuyenera, ntchito zimasiyana. Amene anapatsidwa kalekale ndipo pano sakuifunanso, tikhala tikuwachotsera pang'onopang'ono, chonde musadzaone ngati chilango.

Laputopu ndi yangayanga koma ndimagwirira ntchito za pano, mundithandiza? Ndilipira?

Apa tiyankha mosamala chifukwa pakhala kusamvana. Ngati vuto likukhudza pulogalamu imene ofesi inakupemphani kuti muike, monga yolowera pa netiweki ya pantchito kapena yochitira misonkhano, tikuthandizani ndipo simulipira kanthu. Ngati ndi gemu kapena pulogalamu yanu ina yosakhudzana ndi ntchito, sili m'gulu la ntchito zathu, tikhoza kukulozerani njira ngati mmene talembera pamwambapa koma kukhala nayo pansi ayi. Pakati pamenepo ndi pamene pamavuta, chifukwa service ikawonongeka imakanitsa mapulogalamu onse a .msi, a ntchito ndi anu omwe, ndiye timaona kaye kukula kwa vutolo. Likakhala lofuna kuinstola Windows mwatsopano pa kompyuta yaumwini, sitichita popanda inu kuvomera molemba komanso kukopera mafayilo anu kwina, ndipo chimene chasowa pa kompyuta yotero ofesi siingalipire. Palibe wogwira ntchito muno amene waloledwa kulandira ndalama pamanja kuti akudumphitseni mzere kapena akukonzereni chamseri. Wina akakupemphani tiuzeni.

Nanga ngati pulogalamuyo ndi ya crack, yothyoledwa kuti igwire popanda laisensi?

Sitiigwira, kaya pa kompyuta ya pantchito kaya yanu. Ambiri mwa mafayilo amenewa amakuuzani kuti muzimitse antivayirasi musanatsegule, ndipo pamenepo ndi pomwe mavuto amayambira.

Disiki inadzaza ndiye ndinafufuta za mu C:\Windows\Installer, ndalakwitsa?

Inde, ndipo chonde ena musachite zimenezi. Foda imeneyi ndi yobisika, imakula ndithu mpaka magigabayiti angapo ndipo imaoneka ngati zinyalala chifukwa mafayilo ake ali ndi mayina osamveka a manambala ndi zilembo, koma mmenemo ndi mmene Windows imasungamo ma .msi ndi ma .msp a mapulogalamu amene muli nawo. Mukafufuta, lero zonse zimaoneka bwino, koma tsiku lofuna kuchotsa, kukonza kapena kuapudeta pulogalamu ndi pamene imayamba kufunsa fayilo yomwe kulibe, 1612 ija. Kukopera foda ya mnzanu sikuthandiza poti mayinawo amasiyana pa kompyuta iliyonse. Ngati zikadali mu Recycle Bin zibwezereni pompano. Ngati zinapita, nthawi zina setup yoyambirira ya vesheni yomweyo imapulumutsa, komanso Microsoft inatulutsa kachida kotchedwa Program Install and Uninstall troubleshooter kamene kamathandiza kuchotsa pulogalamu yokakamira. Musadawunilode Windows Installer CleanUp Utility yakale ija imene ikupezekabe pa masamba ena, Microsoft inaichotsa mu 2010 chifukwa inkatha kuwononga mapulogalamu ena. Mukafuna malo pa disiki gwiritsani Disk Cleanup kapena Storage Sense.

Ndingadawunilode Windows Installer yatsopano nkuikapo?

Kuyambira Windows 7 vesheni 5.0 imabwera mkati mwa Windows momwemo, palibe yoti mudawunilode padera. Tsamba lomwe likukupatsani msiexec.exe lithaweni.

Ndili pa Windows 10 kapena 7, mundilandira?

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 October 2025. Pa 7 sitikonzanso, mapulogalamu ambiri atsopano amakana okha ngakhale service ili bwinobwino. Pa 10 tiyesa, koma tikambirananso zosamukira ku 11 ngati makinawo angakwanitse.

Ndikamabwera ndibwere ndi chani kuti zifulumire?

Chithunzi cha uthengawo, setup yomwe ikukanayo, chaja, komanso mutiuze zoona zimene munayesa kale ngakhale zitakhala zofufuta zija, sitikalipira munthu koma tikabisiridwa timafufuza kolakwika. Ngati fayilo yanu ndi ya .msi ndipo mungathe, lembani mu Command Prompt msiexec /i kenako dzina la fayiloyo, kenako /L*v log.txt, ipanga kafayilo kolemba chilichonse chimene chachitika. Ife timangofufuzamo mawu oti Return value 3, mizere yapamwamba pake ndi imene imatiuza pomwe zinafera. Kafayiloko mukhoza kutitumizira musanabwere nkomwe, pena timakuyankhani muli pa desiki panu.