Mlandu wa bulangete ku Grants Pass ndi mmene misasa ya osowa pogona inayambira

Mu August 2025 khonsolo ya Grants Pass, m'boma la Oregon ku America, inavomera kusunga malo oti anthu osowa pokhala azimangapo matenti osachepera 150, komanso kuti pamalowo pazikhala madzi akumwa. Khonsolo yomweyi ndi imene inapambana ku Khoti Lalikulu la dzikolo pa 28 June 2024, pomwe oweruza 6 mwa 9 anati kulanga munthu wogona pamalo a boma si chilango chankhanza. Wopambana mlandu waukulu chonchi anafika bwanji pomakonzera malo anthu omwe ankafuna kuwathamangitsa?

Grants Pass ndi tawuni ya anthu pafupifupi 39,000 m'mbali mwa mtsinje wa Rogue. Zikalata za m'khoti zimati osowa pogona analipo pafupifupi 600. Chiwerengerochi chimachokera ku kalembera wa usiku umodzi, ndipo kalembera wotere amaphonya ogona m'galimoto ndi m'tchire, choncho n'chotsika osati chokwera. Nyumba yaikulu yogonamo inali ya Gospel Rescue Mission, ya mabedi 138, ndipo wolowamo amayenera kupita kumapemphero, kusiya fodya ndi mowa, ndi kugwira ntchito ngati angathe. Khonsoloyo inalibe nyumba yakeyake yolandira aliyense.

Ambiri amayambira nkhaniyi ku Washington, komwe kuli Khoti Lalikulu, koma pamene zinthu zinapotokera ndi pa msonkhano wa khonsolo wa mu March 2013. Zolembedwa za msonkhanowo zimasonyeza mtsogoleri wa khonsolo akunena kuti cholinga ndi kuwasowetsa mtendere anthuwa mpaka asamukire kwina. Chida chake chinali tanthauzo la mawu akuti msasa. Lamulo linkati msasa ndi pamalo paliponse pamene payalidwa zofunda, thumba logonamo kapena chilichonse chogonera, n'cholinga chokhalapo kwakanthawi. Tenti sinkafunika n'komwe. Munthu wofunda bulangete pabenchi usiku wa chisanu anali atamanga kale msasa. Chindapusa choyamba chinali madola 295, ndipo ukalephera kulipira chinkakwera kufika pa 537.60. Ukagwidwa kawiri, apolisi ankatha kukuletsa kulowa m'mapaki kwa masiku 30, ndipo ukabwereramo unali mlandu wa kundende mpaka masiku 30 ndi chindapusa cha madola 1,250. Pakati pa 2013 ndi 2018 panaperekedwa zindapusa zoposa 500. Khonsolo imati chiwerengerochi chikuonetsa kuti sinkalimbitsa dzanja. Oyimira osowa pogona amati kwa munthu wopanda ndi bedi lomwe, chindapusa chimodzi ndi ngongole imene imamutsekera mwayi wochita lendi, ndipo apa mpovuta kuwatsutsa.

Za m'makhoti tingozidutsa. Mu 2018 khoti la apilo la Ninth Circuit, lomwe limaonanso milandu ya ku Oregon, linagamula pa mlandu wa Martin ndi mzinda wa Boise kuti munthu sangalangidwe chifukwa chogona panja ngati kulibe bedi lomupatsa. Chaka chomwecho Debra Blake, mayi wosowa pogona, anasumira Grants Pass. Anamwalira mu 2021 mlandu uli mkati, ndipo dzina la Gloria Johnson, wosowa pogona wina amene anasuma naye, ndi limene linafika ku Khoti Lalikulu. Woweruza Neil Gorsuch, polemba m'malo mwa oweruza ambiri, anati lamuloli limalanga zochita za munthu osati kusowa kwake pokhala, ndipo nkhani yotereyi ndi ya makhonsolo osati oweruza. Woweruza Sonia Sotomayor anatsutsa chigamulocho ponena kuti tulo ndi chosowa cha thupi, si mlandu.

Chimene chigamulocho sichinakhudze ndi lamulo la Oregon la 2021, lomwe limati malamulo a mizinda oletsa kukhala kapena kugona pamalo a boma azikhala oyenerera pa nthawi, malo ndi kachitidwe. N'chifukwa chake mu August 2024 khonsolo inapatula malo omangapo matenti, aakulu ali ku J Street. Zovuta za malo otere n'zodziwika kwa aliyense wogwira ntchito yothandiza osowa pogona. Pansi pakakhala miyala ya kwale, njinga ya wolumala imatitimira ndipo woyendera ndodo safika kuchimbudzi. Popanda mthunzi tenti imasanduka uvuni masana, ndipo mankhwala ngati insulin amawonongeka. Malire a masiku okhalapo ndiwo amapweteka kwambiri: posamuka paliponse pamatayika chitupa, foni kapena mapepala a kuchipatala, ndipo wothandiza amene amafuna kumupezera munthu nyumba sakumupezanso pomwe anamusiya.

Mu January 2025 khonsolo yatsopano inatseka malo a ku J Street, n'kulamula kuti pamalo aang'ono otsalawo anthu azifika 5 koloko madzulo n'kuchoka 7 koloko m'mawa. Wodwala nyamakazi kapena wodulidwa mwendo ankayenera kupasula tenti tsiku lililonse m'nyengo yozizira, n'kuswera ndi katundu wake mumsewu. Bungwe la Disability Rights Oregon linasuma m'malo mwa olumala asanu, ndipo mu March woweruza wa m'dera la Josephine, komwe kuli Grants Pass, analetsa khonsolo kulanga anthu mpaka itabwezeretsa malo okwanira ofikika ndi olumala. Mgwirizano wa mu August unachokera pamenepo.