Aphungu osavoteredwa a ku New Zealand

Ophunzira anga akamva dzina loti Legislative Council maganizo awo amathamangira ku Zomba, ku bungwe lija la nthawi ya Nyasaland. Ku New Zealand dzina lomweli linali la nyumba yachiwiri ya malamulo, yomwe ntchito yake inali kusefa mabilu ochokera kwa aphungu ovoteredwa kuti asamapupulume.

Lamulo la 1852 lochokera ku London linati nyumbayi ikhale ndi mamembala osachepera 10, osankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mpando ukhale wa moyo wonse. Inayamba kukumana mu 1854. Koma taonani chomwe lamulolo silinanene: kuti asapitirire angati. Chibowo chake chinali chimenecho.

Poyamba mipando inkagwera eni minda ikuluikulu, maloya ndi akuluakulu a boma. Amaori, eni nthaka, analowamo mu 1872 kudzera mwa Mokena Kohere ndi Wi Tako Ngatata. Amayi anadikira mpaka 1946.

Nkhondo yeniyeni inabuka chisankho cha 1890 chitatha. Nduna yaikulu Harry Atkinson, ataona kuti boma lamupulumuka, analowetsa anzake m'nyumbayi asanatule udindo, iyenso n'kukakhala sipikala wake. Boma latsopano la John Ballance linapeza mabilu ake akufera pamenepo. Linasintha lamulo mu 1891 kuti osankhidwa atsopano azikhala zaka 7 zokha, kenaka linapempha mamembala ena 12. Bwanamkubwa, Lord Glasgow, anakana chiwerengerocho. Mlandu unakafika ku London, ndipo mu 1892 nduna yoona za maiko a atsamunda, Lord Ripon, inauza bwanamkubwayo kuti amvere nduna za boma la Ballance.

Ambiri amati apa demokalase inapambana, ndipo sakunama. Ine ndimaonanso kuti nyumbayi inathyoka msana tsiku limenelo. Munthu wa mpando wa moyo wonse atha kuuza nduna yaikulu kuti ayi n'kukagona tulo tabwino. Koma woyembekeza kuti zaka 7 zikatha amuonjezere zina amayamba wayang'ana nkhope ya womusankha asanatsegule pakamwa. Ndipo akachita makani, boma limangothiramo anthu ena mpaka mawu ake atamira. Pang'onopang'ono mipandoyo inasanduka chithokozo kwa okalamba a chipani.

Mu 1950, dzikolo litasiya kale kukhala koloni, nduna yaikulu Sidney Holland anagwiritsa ntchito chibowo chomwe chija. Anasankha mamembala atsopano oposa 20 omwe ntchito yawo inali imodzi: kuvomereza bilu yothetsa nyumba yomwe angolowamo kumene. Anthu anawatcha suicide squad, gulu lodzipha lokha. Anavoteradi, nyumbayi inakumana komaliza pa 1 Disembala 1950, ndipo chipinda chake ku Wellington masiku ano chimagwiritsidwa ntchito pa mwambo wotsegulira nyumba ya malamulo.