Kodi dzino lobooka lingadzitseke lokha?

Pali mphekesera yoti ukamachukucha m'kamwa ndi mafuta kapena madzi amchere, dzino lobooka limadzitseka lokha. Limenelo ndi bodza. Dzino si khungu, likabooka silimereranso.

Chimene chimabwezeka ndi chiyambi chake chokha. Tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga timatulutsa asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino, ndipo poyamba pamangooneka kadontho koyera ngati choko, kawirikawiri pafupi ndi nkhama. Pamenepo malovu, mothandizidwa ndi fluoride wa m'mankhwala otsukira mano, angathe kulimbitsanso malowo, bola muzitsuka kawiri patsiku n'kuchepetsa zotsekemera.

Koma lilime likayamba kukodwa pakadzenje, amene angamatepo ndi dokotala wa mano basi. Ululu ukasiya wokha musafulumire kusangalala. Nthawi zina ndiye kuti mtsempha wafa, matenda akulowerera kumuzu.