Mpeni wakale wa Okapi musaupititse pa grinder chonde

Ntchito yanga ndi yonola ndi kukonza mipeni, masizasi ndi zikwanje, ndipo masiku ano ndikuona kuti anthu osunga mipeni chifukwa chongoikonda akuchuluka, wina ali nayo isanu wina makumi awiri, amatumizirana zithunzi pa WhatsApp, kusinthana, kufunsana kuti uwu ndi wa chaka chanji. Zimandisangalatsa kwambiri. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa, anthu ambiri akapeza mpeni wakale choyamba chomwe amaganiza ndi kuuwalitsa kuti uoneke ngati wa mushopu, ndipo apa ndi pomwe mipeni yabwino ikufera.

Mwezi watha kunabwera bambo ena atakulunga mpeni m'kansalu. Anali Okapi wa malemu bambo awo omwe anagwirako ntchito ku migodi ku Joni nthawi ya Wenela. Chigwiriro chake chathabwa chinali chitada ndi thukuta la m'manja, kamwezi ndi tinyenyezi tachitsulo tija tidakalipo kupatula kamodzi komwe kanagwa, ndipo nditautsegula unalira kuti kr-r-r-ka ngati kale, kenako nkukhoma nganganga mpaka utakoka ka ring kakumsana kaja. Iwo akuti amisiri, ndiwalitsireni pa grinder uyere. Ndinawauza kuti bambo, tayambani mwakhala kaye pansi tiuwerenge mpeniwu.

Mpeni umawerengedwa patsinde pa chitsulo, pafupi ndi chigwiriro, pomwe fakitale imadinda dzina lake. Okapi anayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, tauni yotchuka ndi mipeni, ndipo ankapangira msika wa kuno ku Africa. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo yomwe azungu anali atangoidziwa kumene mu 1901. Mu 1988 dzina ndi makina omwe zinasamukira ku South Africa ndipo kuyambira pamenepo amapangidwa ku Isithebe, ku KwaZulu-Natal. Ndiye mukaona chidindo cha Germany pa Okapi weniweni dziwani kuti mpeniwo wapitilira zaka 35, ndipo wa bambo aja unali wotero, zilembo zake zikuoneka mwa apo ndi apo moti masekondi asanu okha pa grinder zikanafufutika osadzabwereranso.

Si Okapi yekha. A kampani yopanga mipeni ya Case ku Bradford, Pennsylvania, ku America, mu 1970 anayamba kudinda timadontho khumi pansi pa dzina lawo nkumachotsa kamodzi chaka chilichonse, ndiye timadontho tisanu ndi tiwiri ndi 1973, kadontho kamodzi ndi 1979. A Buck, eni ake a Buck 110 mpeni wopinda wa alenje womwe unatuluka mu 1964, kuyambira 1986 amaika kachizindikiro ka chaka pambali pa nambala ya mpeni. Opinel wa ku Savoie ku France anayamba mu 1890 koma ka ring kozungulira kokhomera kaja kanabwera mu 1955. Tinthu timeneti ndi tating'ono zedi, pena mpaka uwunikire ndi tochi ya foni cham'mbali kuti utione, koma kwa munthu wosunga mipeni ndi timeneti timasiyanitsa mpeni wa mbiri ndi chitsulo wamba, komanso ndi tomwe timakuthandiza kugwira feki poti ma Okapi ndi ma Victorinox (mipeni ya ku Switzerland) achinyengo ndi mbwee m'misika.

Tsopano nkhani ya kuda kwa chitsulo, apa ndimafuna mumvetse bwinobwino. Ma Okapi ambiri ndi a carbon steel, mtundu wotchedwa 1055, kutanthauza kuti kaboni wake ndi pafupifupi 0.55 peresenti. Stainless amasiyana chifukwa amakhala ndi chromium yosachepera 10.5 peresenti yomwe imatchinga dzimbiri. Carbon steel alibe chitetezo chimenecho, mukasenda naye mango kapena kudula tomato, anyezi, nyama, amasintha mtundu nkukhala wotuwa, pena wobiriwira pang'ono, pena wakuda bii. Limeneli si dzimbiri ayi, anzathu amati patina, ndi kachikuto kopyapyala komwe kamathandiza kuti dzimbiri lenileni lisalowe msanga. Dzimbiri lenileni ndi lofiira, lokhakhala, mukapalasa ndi chikhadabo limayoyoka ndipo pansi pake limasiya timaenje. Lofiiralo chotsani ndithu, pang'onopang'ono ndi steel wool yofewa kwambiri ndi mafuta. Lakudalo lisiyeni, latenga zaka makumi kuti lifike pamenepo.

Ndipo grinder sikuti imangofufuta chidindo basi, imaphanso kuthwa. Ku fakitale chitsulo amachiwotcha mpaka chifiire, kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chilimbe, kenako kuchifunditsanso pang'ono pa madigiri pafupifupi 200 kuti chisamathetheke ngati galasi. Mbali yodulira ija ndi yopyapyala kuposa pepala, ikakhudza mwala wozungulira ndi magetsi imatentha nthawi yomweyo. Mukaona kamtundu ka udzu wouma m'mphepete ndiye kuti zayamba kuipa, mukaona buluu mwafika cha m'ma 300 ndipo pamenepo chitsulo chafewa. Mpeni wotero olo muunole bwanji umangodula kawiri katatu nkubuntha. Ndalandirapo yambiri yotere, yowala bwino koma yakufa, ndipo chomwe ndingachite ndi kudya chitsulo chofewacho mpaka ndifike pabwino, mpeni nkuchepa thupi.

Kunola kwabwino ndi kwa pamanja. Mwala wonolera wonyowa, msana wa mpeni mutukule pang'ono pafupifupi madigiri 20, muzikankha ngati mukufuna kusenda mwalawo. Ngati simukudziwa kuti mukukhudza pati, pakani marker m'mphepete, inki ikamachoka mpaka kumapeto ndiye mwalondola. Pitirizani mbali imodzi mpaka mumve ndi chala kawaya kakang'ono kakutuluka mbali inayo, tembenuzani, kenako malizani pa lamba wachikopa mukukokera cham'mbuyo. Carbon steel savuta, mphindi khumi zakwana.

Kasungidwe ndiye nkosavuta. Pukutani uume, kadontho ka mafuta a makina osokera polumikizira paja, ndipo ngati mumadulira zakudya pakani mafuta odyera pang'ono koma muziwasintha poti amamata akakhalitsa. Mpeni wa ulenje musausiye m'chimake chachikopa miyezi yambiri, chikopa chimasunga chinyezi ndi mankhwala ofufutira, nyengo ya mvula mudzapeza dzimbiri, ndipo mkuwa wa pa Buck 110 umachita zobiriwira.

Pa nkhani yosinthana ndi kutumizirana, chenjerani ndithu. Okapi ali ndi mbiri yoipa ku Joni chifukwa cha atsotsi, ndipo lamulo la kumeneko la zida zoopsa la 2013 limalola apolisi kukugwirani ngati pali chifukwa chokayikira zomwe mukufuna kuchita nawo. Abale athu a ku UK, kumeneko wololedwa kuyenda nawo popanda chifukwa ndi wopinda wosakhoma womwe chitsulo chake sichipitirira mainchesi 3, ndiye Okapi wa ring ndi Opinel wokhoma sali m'gulumo, azikhala pakhomo. Mu ndege musauike m'chikwama cha m'manja. Ndipo wina akakutsatsani mpeni wa chigwiriro cha mnyanga wa njovu thawani, kwathu kuno lamulo la 2017 limafika zaka 30 kundende. Mukamajambula wanu kuti muonetse anzanu, jambulani chidindo, msana ndi chilema chilichonse, ndipo ngati munauwalitsapo nenani poyera.

Bambo aja anamvetsa. Ndinachotsa timadontho tofiira titatu pafupi ndi nsonga, kutokosa zinyalala za m'kati ndi kamtengo ka machesi, kudonthezamo mafuta, nkuunola pa mwala mpaka unameta ubweya wa pa mkono. Ponyamuka anandifunsa ngati ndingabwezeretse kanyenyezi kanagwa kaja, ndinati nditha kusula kena ka mkuwa koma kadzawala kokha pakati pa tinzake takuda. Anauyang'anitsitsa kanthawi, nkunena kuti kanagwa iwo ali mwana tsiku lomwe bambo awo ankasenda mbuzi ya Khirisimasi, ndiye pangokhala chomwecho. Anaukulunganso m'kansalu kaja.