Chifukwa Chake Sara wa m'Katuni Amavutika Kuposa Sara wa m'Buku

Anthu ambiri amene anaonera katuni ya Princess Sara asanawerenge buku limene inachokerako amadabwa akalitsegula bukulo, chifukwa amapeza kuti ndi lalifupi ndiponso kuti nkhanza zina zimene zinawaliza pa kanema mulibemo. Bukulo ndi A Little Princess, limene Frances Hodgson Burnett anatulutsa mu 1905, ndipo lili ndi mitu 19 yokha, pamene katuni imene kampani ya ku Japan ya Nippon Animation inapanga mu 1985 ili ndi zigawo 46. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiko gwero la zambiri zimene opanga katuniyo anasintha.

Katuniyi inali mbali ya mndandanda wotchedwa World Masterpiece Theater, umene unkaonetsedwa pa wailesi yakanema ya Fuji Lamlungu lililonse nthawi ya 7:30 madzulo, banja lonse lili pakhomo. Mwambo wake unali wakuti chaka chilichonse azitenga buku limodzi lakale la ana, nthawi zambiri la ku Ulaya kapena ku America, n'kulionetsa kuyambira mu Januwale mpaka mu Disembala. Atsikana amasiye anachulukamo ndithu: Perrine wa Hector Malot mu 1978, Anne wa L. M. Montgomery mu 1979, Pollyanna mu 1986. Popeza gawo lililonse limatenga pafupifupi mphindi 25, zigawo 46 zimapitirira maola 18, ndipo buku limene munthu angalimalize m'masiku awiri silingadzaze nthawi yonseyo palokha. Wolemba sewero amakakamizika kuwonjezera zake, ndipo luso lake limaonekera pa zimene wasankha kuwonjezerazo.

Njira imodzi anaisonyeza Isao Takahata mu 1974, pamene anatsogolera ntchito yopanga zigawo 52 za Heidi kuchokera m'buku la Johanna Spyri. Chaka cha 1973 iye, Hayao Miyazaki ndi Yoichi Kotabe anapita ku Maienfeld, m'dziko la Switzerland, kukaona ndi maso awo mapiri, nyumba ndi ziwiya za kumeneko, chinthu chimene opanga makatuni a pa wailesi yakanema sankachita kawirikawiri masiku amenewo. Zimene anabwera nazo ndizo zinadzaza nthawi. Woonera amatha mphindi zingapo akuyang'ana mwana akuphunzira kukama mbuzi, agogo ake akusungunula tchizi pamoto, kapena Heidi akuyala bedi lake la udzu wouma, ndipo pamene azakhali ake Dete abwera kudzamutenga kupita naye ku Frankfurt, woonerayo amakhala atalizolowera phirilo moti kuchokako kumamupweteka nayenso. Anawonjezeramo galu wamkulu wotchedwa Josef, amene m'buku mulibe, ndipo anachepetsa kwambiri nkhani za mapemphero. Anasinthanso chinthu chimodzi chimene ine ndimaona kuti akadachisiya. M'buku, Peter woweta mbuzi amakankhira dala njinga ya olumala ya Clara, mnzake wa Heidi wa ku Frankfurt, kuphompho chifukwa cha nsanje, koma m'katuni njingayo imawonongeka mwangozi, ndipo potero mnyamatayo anasanduka mnzake wabwino chabe wopanda mtima wina uliwonse wobisika.

Opanga Princess Sara, motsogozedwa ndi Fumio Kurokawa, anatenga njira ina, mwina chifukwa nkhani yawo inalibe phiri loti adzazire nthawi. Sara Crewe ndi mwana wa munthu wolemera amene wabwera kuchokera ku India kudzaphunzira pa sukulu yogonera komweko ya Miss Minchin mumzinda wa London. Tsiku lokondwerera kubadwa kwake uthenga umafika wakuti bambo ake amwalira ndipo chuma chonse chathera mu migodi ya dayamondi, ndiye amamuvula zovala zabwino n'kumusamutsira m'kachipinda kozizira ka pansi pa denga, pafupi ndi mtsikana wantchito dzina lake Becky. Mpaka pamenepo buku ndi katuni zimayendera limodzi. Koma katuni inkafunika vuto latsopano sabata iliyonse kwa miyezi yambiri, choncho Lavinia, amene m'buku ndi mtsikana wansanje wolankhula zonyoza, anasanduka mdani weniweni wokonza ziwembu. Anawonjezeramo mnyamata woyendetsa ngolo wotchedwa Peter, kugonekedwa m'khola la akavalo, moto umene unabuka m'kholamo, ndi kuthamangitsidwa kwa Sara mpaka kukagulitsa machesi mumsewu. Izi zinagwirizana ndi nthawi yake, chifukwa pakati pa zaka za m'ma 1980 nkhani ya ana ozunza anzawo m'sukulu inali m'kamwam'kamwa ku Japan, ndipo sewero la Oshin la mu 1983 linali litasonyeza kale kuti anthu amatsatira mokhulupirika mtsikana wopirira.

Chimene chinasintha kwambiri, komabe, ndi khalidwe la Sara mwiniwake. Sara wa Burnett ndi mwana wonyada ndiponso waukali, amene amamuuza Miss Minchin pamaso kuti si munthu wachifundo, ndipo usiku wina njala ndi kuzizira zitamukwana amagwetsa chidole chake Emily pampando mokwiya. Mphamvu zake zili m'maganizo, pamene amadziyerekeza kukhala mwana wa mfumu kapena mkaidi wa m'ndende yakale ya Bastille ya ku France, ndipo wowerenga amamva zonse zimene akunena chamumtima ngakhale pakamwa pali potseka. Maganizo otere ndi ovuta kuwajambula. Filimu imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma makatuni a pa wailesi yakanema ku Japan, pofuna kupulumutsa ndalama ndi nthawi, nthawi zambiri ankagwiritsa ntchito zojambula 8 zokha pa sekondi, zonse zojambulidwa ndi kupakidwa utoto pamanja. M'ntchito yotere, nkhope yozyolika imene sikusuntha, misozi ikulengeza m'maso, chifunga cha London chili kumbuyo, ndi chithunzi chosavuta kupanga chimenenso chimakhudza mtima msanga. Woonera amaona kukhala chete kwa Sara koma samamva kukana kumene kuli mkati mwake, ndipo chimene m'buku chinali kudzigwira kwa munthu wokwiya chimaoneka ngati kufatsa kwachibadwa.

Mathero ake amatsimikiza zimenezi. Mnzake wa bambo ake, Carrisford, atamupeza n'kumubwezera chuma, Sara wa m'katuni amakhululukira onse mpaka kupereka ndalama ku sukulu imene inamuzunza, kenako amakwera sitima yapamadzi ndi Becky kupita ku India. Mathero amenewa ndi amene anafika kutali, ku mayiko a Aluya kumene mtsikanayu amadziwika kuti Sally, ndi ku Philippines kumene anthu anaikonda katuniyo moti mu 1995 anapanga filimu yawoyawo ya anthu enieni. Sara wa m'buku amakana kubwerera kwa Miss Minchin ndipo amamuuza kuti chifukwa chake akuchidziwa yekha. Ndalama zake amapita nazo kwa mayi wogulitsa mabanzi, kumene tsiku lina ali ndi njala anagula mabanzi n'kupatsidwa 6, iye n'kupereka 5 kwa mwana wopemphapempha amene anakhala pakhomo la sitoloyo, ndipo amagwirizana ndi mayiyo kuti mwana aliyense wanjala wofika pamenepo azidya, ngongole yake azilipira Sara.